Ku Cusco tikadye kuti? Amene munafikako tithandizeni

Nachisale_UK

Moni nonse. Ine ndi bambo akunyumba tikupita ku Peru mwezi wa June, cholinga chenicheni ndi Machu Picchu koma tikhala kaye ku Cusco masiku angapo poti akuti thupi limafunika lizolowere kaye mpweya wakumeneko. Za hotelo ndi matikiti a sitima tathana nazo, chatsala ndi nkhani ya mimba. Ndawerenga ma review pa Google mpaka mutu kuzungulira, lesitilanti iliyonse akuti ndi namba wani koma ukaona zithunzi ndi tizakudya tochepetsetsa pakati pa chimbale chachikulu atathiramo timaluwa, bambo akwathuwa atadya zimenezo sangagone. Tikufuna malo oti munthu udye ukhute osaboola mthumba, komanso tsiku limodzi tikufuna kudya pamalo apamwamba ndithu poti ndi anivesale yathu. Chinanso iwowa ndi a Seventh Day, kapado sayandikira. Ine ndimadya chilichonse kkkk

Mjomba_waNtcheu

Achemwali, choyamba tsiku lofikalo musathamangire zakudya ayi. Cusco ili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, kuposa nsonga ya Sapitwa imene ili pa 3,002, nde mukangotsika ndege kuchokera ku Lima komwe ndi kunyanja mudzaona nokha, masitepe ochepa okha befu, mutu waaa, eniake amati soroche. Mimba nayo imagaya mwaulesi kumtundako. Tsiku limenelo supu basi, ya quinoa kapena caldo de gallina amene ndi msuzi wa nkhuku yoikira muli chinthuli chachikulu, spageti ndi dzira lowiritsa, madzi ambiri, mowa ayi.

Mukakhazikika lamulo lake ndi limodzi, idyani kwambiri masana osati usiku, ndipo chokani pa Plaza de Armas, bwalo lalikulu la pakati pa tauni. Pabwalo paja ndi misewu yoyandikira ngati Plateros ndi Procuradores pamakhala anyamata atanyamula ma menyu kukuitanirani amigo amigo pisco sour (kamowa kakumeneko) yaulere, si kuti chakudya chake ndi choipa koma mukulipira khonde loonera tchalitchi. Yendani misewu itatu inayi muziyang'ana bolodi pakhomo atalemba ndi choko kuti menú, imeneyo ndi nkhomaliro ya eniake, amakupatsani supu, kenako mbale yaikulu ya mpunga ndi ndiwo, ndi chakumwa, zonse mtengo umodzi wochepa moti mudabwa. Mukaona mwadzadza anthu a mmaofesi ndi ana asukulu cha mma 1 koloko lowani momwemo.

Ine kwanga kunali ku Mercado San Pedro, kuchoka pa Plaza mumadutsa Plaza San Francisco ndi pa geti la Santa Clara, mphindi 10 wapansi mwafika. Kumapeto kwa msikawo kuli mizere ya amayi ophika, mumakhala pa benchi phewa ndi phewa ndi anthu, mayi akupakulirani pompo mpoto mukuuona. Lomo saltado ilipo, ng'ombe yokazinga ndi anyezi, tomato ndi tchipisi momwemo mpunga pambali, bambowo akhuta ndithu. Kuli mzere wina wa juwisi okhaokha, mukamaliza tambula musadzuke, mayiyo amakuthirirani zotsala mu blenda osalipiranso. Tengani ma sol, ndalama za ku Peru, a mmanja, khadi kumeneko siigwira ntchito kwenikweni.

MaiTadala

A Mjomba zamsikazo nzoona koma tisanamizane si mimba iliyonse, inu mwina munakulira pa chiwaya kkk. Anthu ali ndi tikiti ya Machu Picchu ya tsiku lake ndi ola lake losasinthika, ukatsegula mmimba dzulo lake ndalama ija yapita. Ine ndingati kumsikako pitani mukabwerako ku Machu Picchu, ndipo idyani zotentha zokhazokha zochoka pamoto, saladi ndi ayisi ayi, madzi a pampopi osamwa. Ceviche, nsomba yaiwisi yonyika mu mandimu, ya nsomba za mnyanja yamchere dikirani mukadye ku Lima, ku Cusco nsomba yake ndi trucha, trout ija, yokazinga imakoma bwino.

Za anivesalezo. Chicha ili pa Plaza Regocijo mmwamba, ndi ya Gastón Acurio shefu wotchuka wa ku Peru, amaphika zakudya za komweko koma mwaudongo ndipo mbale zake si zonyenga ana. Cicciolina nayo anthu amaikonda, ndi zosakaniza za ku Italy ndi za ku Peru, bukanitu malo. Ngati mukufuna pokongola pojambulitsa ndi MAP Café, chipinda cha magalasi okhaokha pakati pa bwalo la Museo de Arte Precolombino pa Plazoleta Nazarenas, usiku pamaoneka bwino zedi. Koma kwa bambo okonda kukhutawo ine ndingasankhe Pachapapa ku San Blas moyang'anana ndi tchalitchi, mumakhala panja pabwalo uvuni wa dothi uli pompo nkhuni zikuyaka. Njira yake ndi chitunda, mumadutsa Hatun Rumiyoc paja pali mwala wa makona 12, kwerani pang'onopang'ono ndipo tengani majekete, June usiku kumazizira mpaka kufika pafupi ndi 0.

Kuli inanso MIL ya Virgilio Martínez yomwe anatsegula mu 2018 pafupi ndi mabwinja a Moray, ulendo wopitilira ola pagalimoto, koma kumeneko nde kuli tizakudya tamaluwa mukutikanato ndipo bilu yake ndi madola mahandiredi pamunthu.

Muwauze bambowo mawu awa awasunge, chancho, cerdo, chicharrón, lechón, adobo, zonsezo ndi nkhumba. Adobo imanyenga chifukwa imaoneka ngati supu wamba yofiirira. Alpaca nayo mwina aikana poti ndi mtundu wa ngamila, nde akhale pa pollo (nkhuku), res (ng'ombe), cordero (nkhosa) ndi trucha. Tsiku lina mukatopa ndi nyama kuli Green Point ku San Blas komweko, samaphika nyama olo pang'ono.

Chikuwawe77

Nonse mukuzungulira osatchula mbira bwanji?? Cuy imene azungu amaijambula akunjenjemera ija ndi mbira yomweyi timaweta kumudzi, kusiyana kwake kumeneko ndi chakudya chaulemu, cha pa chikondwerero, ndipo amaibweretsa yathunthu mutu mano zikhadabo zonse, yootcha mu uvuni atapaka masamba onunkhira otchedwa huacatay, pambali mbatatesi ndi rocoto relleno, tsabola wamkulu woyabwa atamufutira nyama mkati. Mu tchalitchi chachikulu cha pa Plaza muli chithunzi cha Mgonero wa Ambuye chojambulidwa ndi Marcos Zapata, pakati pa tebulo pali kanyama kali gada mmbale, ma gaidi onse amakuuzani kuti ndi cuy. Mtauni ndi yodula ndipo imatenga pafupifupi ola kuti ipse nde muziitanitsiratu. Eniake Lamlungu amakwera basi kupita ku Tipón, msewu wolowera ku Puno, kumene kuli malo a cuy okhaokha. Msewu womwewo musanafike pali Saylla kwa chicharrón, mapoto akuluakulu a kapado ali mmbali mwa msewu, bambowo atseke maso podutsa, kutsogolo kwake Oropesa kwa buledi wamkulu wozungulira uja amati pan chuta.

Ndipo poti mukupita June onani kalendala, Corpus Christi imagwa Lachinayi kumapeto kwa May kapena mu June, amanyamula zifanizo 15 za oyera kupita nazo ku tchalitchi chachikulu ndipo pa Plaza San Francisco pamadzadza matebulo a chiri uchu. Mbale imodzi yozizira muli mbira, nkhuku, nyama yofutsa, soseji, tchizi, chimanga chokazinga, chitumbuwa cha ufa wa chimanga, mazira a nsomba ndi ndere za mnyanja, zonse kuunjika pamodzi. Ine sinandigwire mtima kwenikweni, chakudya chozizira kunja kukuzizira kale, koma kulawa nkofunika. Pa 24 June pali Inti Raymi, chikondwerero chachikulu cha dzuwa, sabata imeneyo osabuka malo mudzadya mabisiketi ku hotelo.

Mukamapita ku Ollantaytambo, tauni ya panjira ya ku Machu Picchu, mukaona ndodo yaitali pakhomo atamangirira pulasitiki yofiira ndiye kuti muli chicha de jora, mowa wa chimera cha chimanga, amathira mu chitambula chofuna manja awiri. Ya pinki amati frutillada, muli sitiroberi. Bambowo awapatse chicha morada, ya chimanga chofiirira, ilibe mowa. Ndipo musaphonye choclo con queso, mondokwa wowiritsa wa maso akuluakulu oyera wa ku Urubamba ndi chibenthu cha tchizi cha mchere.

Nachisale_UK

Eee koma ndakuthokozani nonse, ndalemba zonse. Pachapapa yawina, bambo amva za uvuni wa nkhuni basi nkhani yatha. Mbirayo ndidya ndekha iwo aziyang'ana kumbali kkkk. Nanga tiyi wa coca uja akuti amathandiza befu, ndi bhobho kumwa? Ine ndimagwira ntchito ku chipatala kuno.

Mjomba_waNtcheu

Ku Peru ndi wololedwa, mahotelo ambiri amangouika pa resepushoni waulere. Koma ngati kuntchito kwanu amayeza mkodzo samalani, umatha kuonetsa ngati munthu wagwiritsa cocaine kwa masiku angapo, ndipo masambawo kapena ma tea bag ake musayerekeze kuika mchikwama pobwerera, ku UK ndi mlandu. Pemphani muña mmalo mwake, kafungo kake ngati minti ndipo imakhazika mimba mukadya zamafuta. A MaiTadala za chiwayazo ndavomera, koma madzulo kukayamba mdima mmakona mumatuluka amayi a anticuchos, mtima wa ng'ombe wootcha pa kamtengo mbatatesi ili kunsonga, zimenezo zikuchoka pamakala inu mukuona, nde musawaletse anthu.