Driver yochokera ku Joni ikundithera mipira, ndisinthe shafiti kapena ndidule?

Wa_Kamwendo:
Moni nonse akuluakulu. Ine ndili ku Mchinji kuno, gofu ndinayamba zaka zitatu zapitazo, ndimamenya ku Lilongwe Golf Club ndikapita ku tauni Loweruka. Nde mwezi wathawu mlamu wanga wa ku Joni wandibweretsera driver (ndodo yomenyera mpira patali) ya TaylorMade yogwirapo kale ntchito, mutu wake ndi wa madigiri 9, pa shafiti (thunthu la ndodoyo) palembedwa X komanso 70. Kuyiona ndi yokongola zedi koma chiyambireni kuyimenya mtendere ndilibe, mpira ukumayenda chapansipansi kenako nkukhotera kumanja mpaka mmitengo, Loweruka lathali ndataya mipira inayi ndipo mukudziwa mmene mipira yadulira masiku ano. Driver yobwereka yomwe ndinkamenyera kale ndinkafika mayadi 200 olo 210, iyiyi 180 yomwe ikuvuta. Ndikamaliza mahole 18 phewa kuwawa ngati ndaunga mizere tsiku lonse. Ndipange bwanji, ndigule shafiti ina kapena ndingodula yomweyi? Mphatso ya mlamu sindingaiponye pakona.

Kadi_Wakale:
Achimwene vuto lanu likuonekeratu. X imeneyo ndiye shafiti yolimba kwambiri pa zonse, zimayenda chonchi kuyambira yofewa: L, A, R, S kenako X. Ya X ndi ya anthu oti ndodo ikamafika pa mpira imakhala ikuthamanga mamailosi 105 pa ola kupita mtsogolo, anyamata a mipikisano aja. Inuyo ngati mumafika mayadi 200 ndekuti muli cha mma 85 mpaka 90, imeneyo ndi R basi. 70 yo ndi magalamu, yolemera, pomwe ambirife timakwana ndi 50 mpaka 60. Shafiti ikakulimbirani siipinda nthawi yomenya, nkhope ya ndodo imafika pa mpira isanatsekeke, nde mpira umatsika nkuthawira kumanja ngati ndinu wamanjamanja. Ine ndanyamula zikwama zaka zambiri, ndawaona mabwana akulimbana ndi S ndi X chifukwa chongofuna anzawo awone chilembocho, mapeto ake kadi ndi amene amavutika kusaka mipira mu udzu.
Musanaononge ndalama tayang'anani pakhosi pa mutuwo, ngati pali kasikuluwu pansi ndekuti loft, madigiri a kupendekeka kwa nkhope aja, imasinthika, za TaylorMade zimakwera mpaka madigiri 2. Pezani kasipanala kake muikweze ifike 10.5 kapena 11, mukakweza nkhope imatsekekanso pang'ono nde kukhotera kumanja kuja kumachepa.

Madala_aku_Mkanda:
Akadi anena zoona koma ine sindikufuna mwanayu athamangire kusitolo. Anthu timakonda kunamizira shafiti pomwe vuto ndi pamene mpira ukugunda pa nkhope. Mwana wanga panga izi, tenga maka ya pa bolodi loyera ija yofufutika, upake nkhope yonse ya driver, umenye mipira khumi, uone pamene inki yachoka. Ikachoka pakati ndekuti shafiti ndi imene ikukulakwira. Ikamachoka cha kufupi ndi khosi, kuchidendene kuja, mpira umapita kumanja olo utagula shafiti yodula bwanji, ndipo mtunda umathera pomwepo.
Chinanso yeza kutalika. Ma driver a masiku ano amabwera ndi mainchesi 45 ndi theka kapena kuposerapo, pomwe akatswiri ambiri amene timaonera pa TV amamenyera zofupikirapo. Lamulo limalola mpaka 48, ndipo kuyambira 2022 a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira malamulo a gofu, anapereka mphamvu kwa okonza mipikisano ikuluikulu kuti aziletsa zopitirira 46. Kutalika kumathandiza liwiro inde, koma kumenya pakati kumavuta. Ineyo ndili ndi zaka 64, yanga ndi 44 ndi theka, sindipita patali koma ndimayenda pa fairway, pa udzu wometedwa wa pakati paja, anyamata akusaka mipira mtchire. Usadule kaye, ingogwira mmunsi pang'ono pa gilipu, kusiya inchi imodzi pamwamba, umenye choncho masabata awiri. Ukadula sudzabwezeretsanso.

Fundi_Chimbalanga:
Ndiikepo mbali ya ukadaulo poti izi ndimakonza ndekha kunyumba. Kudula kumtunda kogwirira sikufewetsa shafiti ayi, X ikhalabe X. Ndipo chonde musayerekeze kudula kunsonga kolowa mmutu, kumeneko mukadula ndiye imalimbiratu. Mukadula theka la inchi kumtunda mutu umamveka wopepuka mmanja, muyeso wa kamvekedwe kameneka wotchedwa swing weight umatsika pafupifupi mapointi atatu, nde pamafunika kumata tepi ya mtovu pansi pa mutu, magalamu awiri amabweza pointi imodzi.
Mukaganiza zogula ina funsani zinthu ziwiri. Nsonga yake, zambiri za driver kunenepa kwake ndi .335 ya inchi koma zilipo za .350, komanso adaputa, kachitsulo kolumikiza shafiti ndi mutu, chifukwa ya Callaway kapena Ping kapena Titleist siilowa mmutu wa TaylorMade. Chophweka nkupeza shafiti yomwe ili kale ndi adaputa ya TaylorMade, mungomasula sikuluwu nkulowetsa, mphindi ziwiri basi.
Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine ndisanaphunzire. Ndinatengera driver yanga kwa wowotcherera wina pa msika kuti andichotsere adaputa, mkulu uja anayatsa gasi wake ngati akuwotcha geti, kafungo ka pulasitiki kanangoti fuu, nsonga ya shafiti inasanduka ulusi wakuda wonyenyeka mmanja. Mtima unandipweteka sabata yonse. Graphite yopangira shafiti ndi ulusi womatidwa ndi guluu, moto wa lawi imakana, imafuna mpweya wotentha wa heat gun pang'onopang'ono nkukoka mowongoka osapotokola. Pomata gwiritsani epoxy yosakaniza ziwiri ija youma mochedwa, muisiye maola 24, supa guluu ayi, mutu udzauluka nkukavulaza munthu. Podula kulungani masking tepi kaye kuti isangambike.
Samalaninso ndi zapa Facebook, mayina a shafiti ngati Fujikura Ventus ndi Mitsubishi Tensei afeki ake ndi ambiri, mtengo ukatsika modabwitsa dziwani kuti ndi penti chabe.

NaPhiri_KU:
Ndikuwerenga ndili ku Kasungu. Chimene sichinatchulidwe nchakuti zilembozi sizifanana kampani ndi kampani, R ya uyu itha kulimba ngati S ya wina, nde osagula chifukwa cha chilembo chokha, imenyeni kaye. Ine amandiuza kuti poti ndine mzimayi nditenge L, nditayesa inali ngati bango, mpira umangokwera kumwamba nkugwera kumanzere, panopa ndimamenyera A ya magalamu 50 ndipo bambo akunyumba amandibwereka mobisa. Achimwene Loweruka mukapita pemphani anzanu awiri atatu amene ali ndi R akubwerekeni pa range, pamalo poyesererapo kumenya paja, anthu a gofu samana zimenezi. X yanuyo musataye, achinyamata amphamvu amaisaka, mutha kusinthana.

Wa_Kamwendo:
Zikomo nonse, ndachita mmene munanenera. Dzulo mmawa anthu asanadzuke ndinapita pa bwalo la mpira kuseri kwa sukulu ndi mwana wanga wotola mipira, maka ndinabwereka kwa aphunzitsi oyandikana nawo. Madala munalondola, pa mipira khumi isanu ndi iwiri inagunda cha kukhosi, iwiri yokha pakati. Ndayeza ndi tepi ya atelala yakwana mainchesi 45 ndi makota atatu. Nditagwira mmunsi zizindikiro zinasunthira pakati ndipo kukhota kwachepa, koma mpira ukuyendabe pansi ndipo kulemera kuja ndikukumvabe mphewa, nde akadi nanunso simunaname. Kasikuluwu kalipo koma sipanala mlamu sanatumize, ndamuimbira akuti ayang'ana mgalaja. Pali mnyamata wina wa ku Area 47 wandilembera ku inbox, ali ndi R ya magalamu 55 akufuna tisinthane ndi X yangayi, akuti inachoka pa driver ya TaylorMade M4. A Fundi, adaputa ya M4 ilowa pa mutu wangawu wa SIM2? Ndiyankheni lisanafike Lachisanu chifukwa minibasi ndikwera ya mmamawa Loweruka, tagwirizana kukumana pa range 8 koloko.