Aleke Banda anathera bwanji ku Mikuyu?

Mdzukulu wa ku Chintheche:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Agogo anga amati Aleke Banda anali ngati mwana wa Kamuzu weniweni, mlembi wamkulu wa MCP komanso nduna ya zachuma. Nanga zinatheka bwanji kuti akhale m'ndende zaka 12? Ine ndimangowadziwa pa nyuzipepala ya Nation imene anayambitsa mu 1993.

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, agogo ako sananame. Aleke anabadwira ku Livingstone mu 1939, nakulira ku Southern Rhodesia. Azungu anamuthamangitsa kumeneko mu 1959 ali mnyamata, ndipo chaka chomwecho iye ndi Orton Chirwa anayambitsa MCP, Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo. Malawi News anaiyambitsa ndi iyeyo.

Chinamugwetsa ndi kutchuka. Mu 1973 nyuzipepala ina ya ku Zambia inalemba kuti ndiye adzalowe m'malo mwa Ngwazi. Basi, yomweyo! Anamuchotsa m'chipani, nkumubweza kwawo ku Tukombo. Masiku amenewo ngakhale ife kusitafu rumu sitinkayerekeza kufunsana kuti Kamuzu akadzamwalira adzalamula ndani. Pambuyo pake anamukhululukira nkumupatsa kampani ya Press Holdings kuti aziyendetsa, koma mu 1980 anamutsekera kundende ya Mikuyu popanda kumuzenga mlandu, ndipo anamasulidwa mu 1992.

Wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, musawayeretse kwambiri. Amene ankatsogolera a Payoniya ndani? Si iwowo? Mu 1964 anzawo a Chipembere ndi a Chiume akuthawa m'dziko, iwo anatsalira kumbali ya Kamuzu. Galimoto imene inawagunda anaikonza nawo okha.

Mphunzitsi wopuma:
Pamenepo sindikutsutsani, achimwene. Koma pa ntchito munthu uja analibe ulesi. Ali nduna ya zaulimi m'boma la Muluzi tinalandira sitata paki mu 1998, kathumba ka feteleza ndi mbewu. Mayi a kunyumba anabzala kuseri kwa nyumba ya sukulu, tinadya mondokwa chaka chimenecho.

Mayi wa ku Mzuzu:
Ine chimandiwawa ndi cha 2003. Munthu wachiwiri kwa mtsogoleri wa UDF, nkumudumpha kukatenga Bingu amene anali atangobwerera m'chipani. Aleke anatuluka, nalowa chipani cha PPM, ndipo pa chisankho cha 2004 anaima ngati wachiwiri kwa Gwanda Chakuamba mu Mgwirizano wa zipani zotsutsa. Ugwanda sunatheke, koma mpando wa Nkhata Bay South anautenga. Anamwalira mu 2010 ku South Africa atadwala khansa.

Mdzukulu wa ku Chintheche:
Zikomo nonse. Za a Payoniyazo agogo sanandiuzepo. Ndikawafunsa Loweruka ndikapita kumudzi.