Ana akuchepa pasukulu yathu, zipinda zikungokhala, tipange bwanji?

Abale anga amene muli kuno ku UK, makamaka a ku London, ndithandizeniko nzeru. Ndili mu komiti ya makolo pa pulayimale yomwe ana anga amaphunzira ndiye nkhani yavuta ndi yoti ana akuchepa chaka ndi chaka. Kalasi yoyenera ana 30 panopa mukupezeka theka lake, zipinda ziwiri za kumtunda anangokhoma, mipando kuisanjikiza pakona. Anthu akuthawa lenti kupita kunja kwa tauni, ena anabwerera kwao Brexit ija itachitika (UK kutuluka mu European Union), komanso ana obadwa ndi ochepa masiku ano.

Chondiopsa n'choti ndalama za boma kuno zimabwera potengera chiwerengero cha ana, ndiye mwana akachoka ndalama nazo zapita koma magetsi, kutenthetsa nyumba yonse ija nthawi yozizira, malipiro a aphunzitsi, zonse zili pomwepo. Ku Hackney, dera lina la London, mu 2024 masukulu ena anatsekedwa ena kuwaphatikiza, ine sindikufuna zitifike, mwana wanga wamng'ono wangozolowera kumene aphunzitsi ake.

Ndiye funso langa, alipo amene kusukulu kwao anabwereketsako zipinda kwa a nazale kapena mpingo Lamlungu, zinathandizadi kapena ndalama yake ndi yongogulira choko? Chilolezo chimachokera kukhonsolo kapena ma governors (bungwe loyang'anira sukulu) okha atha kuvomereza? Ena akuti tipemphe kuti zisanduke za ana ofunika chithandizo chapadera poti malo awo akusowa kwambiri, ine izi ndazikonda koma kodi mumayambira pati? Msonkhano uliko mwezi wamawa, amene munadutsamo chonde ndiuzeni.