Madzi a m'mipopi ku Blantyre: kodi kompyuta ingatiuze ngati angapirire chilala ndi madzi osefukira?

Chisomo wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndili pa kafukufuku wa kusukulu. Ndikufuna kuyesa pa kompyuta mmene madzi a m'mipopi mu Blantyre angapirire chilala komanso madzi osefukira. Nthawi ya Freddy mu 2023 tinkatunga pachitsime cha kumunsi kwathu, madzi ofiira ngati tiyi, mayi akusefa ndi chitenje. Mpaka lero sizindichoka m'mutu. Ndiyambire pati?

Bambo a Tadala:
Mwanawe, yamba ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa EPANET, ndi yaulere. Umajambulamo mapaipi, mathanki ndi mapampu, kenako n'kuzimitsa pampu imodzi kuti uone madera omwe ayambe kuuma. Koma usaiwale kuti madzi ambiri a mu mzindawu amatungidwa mu Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kukankhidwa chitunda ndi mapampu a magetsi. Magetsi akathima, mipopi nayonso imauma. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022 tinaziona tokha. Ndiye magetsiwo uwaike m'mawerengero ako.

Nachisale:
Pa chilala EPANET sikupindulitsani kwenikweni, achimwene. Yesani pulogalamu ina yotchedwa WEAP, imawerengera madzi olowa ndi otuluka m'damu mwezi ndi mwezi. Muikemo damu la Mudi ndi madzi a ku Likhubula. Komanso mvula ikachuluka, Shire amabwera ndi matope ndi zinyalala zomwe zimatseka polowera madzi.

Chisomo wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri nonse. Za matopezo sindinaziganizire n'komwe. Mawa ndipita ku nthambi yoona za nyengo kukapempha ziwerengero za mvula.