Laputopu ya magemu kapena desktop? Ndithandizeni maganizo

Mnyamata wa ku Ntcheu:
Abale anga, ndasunga R20,000 ndipo ndikufuna kompyuta yosewerera magemu, makamaka Call of Duty ndi mpira, komanso ndayamba kuphunzira kukonza mavidiyo. Ndimachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, kuno ku Joni, malo ndi ochepa kwambiri. Mtima wanga uli pa laputopu chifukwa mu Disembala ndikupita kumudzi ndipo ndikufuna kuinyamula. Koma mnzanga wakuntchito akuti kumeneko n'kutaya ndalama. Kodi vuto lake lenileni n'chiyani?

Wokonza makompyuta ku Yeoville:
Mphwanga, ine ndimatsegula makinawa tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuuze zomwe ndimaona. Mdani wamkulu ndi kutentha. Processor (ubongo wa kompyuta) ndi graphics card (chipangizo chotulutsa zithunzi pa sikirini) anazipanikiza m'kabokosi kopyapyala, mafani ake ndi ang'onoang'ono. Gemu ikangoyamba, mkati mumatentha mpaka kudutsa madigiri 90, ndiye makinawo amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse. Iwe umangoona gemu ikudukiza. Onjezerapo fumbi la kuno mu Ogasiti ndi Seputembala, limatseka timabowo totulukira mpweya. Desktop umangotsegula m'mbali n'kupukuta, pomwe laputopu mpaka umasule zomangira zonse zapansi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi dzina. Anthu amaona graphics card yotchedwa RTX 4070 pa laputopu n'kumaganiza kuti ndi yofanana ndi ya desktop. Ayi ndithu. Ya laputopu ili ndi memory ya 8GB, ya desktop 12GB. Ngakhale RTX 4090 ya laputopu ili ndi 16GB ndipo siipitirira mawati 175, pomwe ya desktop ili ndi 24GB ndipo imakoka mawati 450. Pa mavidiyo akowo, kusiyanaku udzakumva m'thupi.

Ndipo graphics card ya laputopu anaiwotcherera pa bodi. Ikafa kapena ikatsalira m'mbuyo, sungaichotse n'kuikapo ina. Chomwe ungawonjezere ndi SSD (mosungira mafayilo) ndi RAM (memory yogwirira ntchito) basi, nthawi zina RAM yomweyo anaiwotchereranso. Ndimamva chisoni kuuza munthu kuti bodi yonse yapita pomwe sikirini ndi kiyibodi zili bwinobwino.

Mayi wa ku Cosmo City:
Achimwene a ku Yeoville akunena zoona, koma musaiwale mmene timakhalira kuno. Ife alendi timasamukasamuka. Mwana wanga ali ndi laputopu yoteroyo, ndipo mu 2023, magetsi atavuta kwambiri, ndi yomwe inamuthandiza pa sukulu. Desktop magetsi akazima nayonso yazima, pokhapokha ugule UPS (batire losunga magetsi), ndalama zinanso zimenezo. Koma pa magemu batire musalidalire. Silichedwa kutha, ndipo ukangozula chaja gemu imayamba kuyenda mwaulesi. Chaja yakenso ndi chimwala, kulemera kwake! Phokoso la mafani m'chipinda chimodzi usiku, ogona nawo sasangalala.

Mbale wa ku Turffontein:
Akulu, dzifunseni kuti pa chaka mudzainyamula kangati. Ngati ndi ulendo wa Disembala wokhawo, mukulipira zambiri chifukwa cha mwezi umodzi. Ndiponso kuyenda ndi chikwama cha R20,000 kumsana pokwerera mabasi pa Park Station kapena maminibasi pa MTN rank, ine sindingayerekeze. Pa ndalama yomweyo mumange desktop ya kabokosi kakang'ono, zilipo zokwana pansi pa tebulo. Kungoti muwerengeretu monitor, kiyibodi ndi mouse, chifukwa ambiri amaziiwala poyerekeza mitengo. Mugulenso pulagi yoteteza ku mphenzi, mvula ya ku Joni mukuidziwa.

Mnyamata wa ku Ntcheu:
Zikomo nonse. Za 8GB ndi 12GB zija zandifika pamtima, chifukwa mavidiyo ndi omwe ndikufuna adzandidyetse. Ndimanga desktop, kumudzi ndipita ndi foni. Achimwene a ku Yeoville, graphics card yogwiritsidwapo kale ntchito ndingaiyese bwanji ndisanapereke ndalama?

Wokonza makompyuta ku Yeoville:
Usagule ili m'manja. Wogulitsayo aiike m'kompyuta, ayatse gemu yolemera, iyende kwa theka la ola iwe ukuona. Yang'ana ngati mafani onse akuzungulira ndiponso ngati pa sikirini sipakutuluka timizere kapena timadontho tachilendo. Akakana kuiyatsa, nyamuka uzipita.