Ofufuza akachoka m'mudzi, zomwe apeza zimathera kuti?

Mphunzitsi_wa_ku_Kachulu:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndine mphunzitsi wopuma wa pulayimale, kwathu ndi kufupi ndi doko la Kachulu, ku Nyanja ya Chilwa. Chiphwereni nyanja mu 1995, pakhonde panga pakhala magulu a ophunzira a sukulu zaukachenjede osawerengeka. Amabwera ndi mapepala a mafunso: mumadya kangati pa tsiku, matemba akugwidwa bwanji, mpunga munakolola matumba angati. Timawayalira mphasa, mayi akunyumba amawawiritsira mbatata, ine ndimawaperekeza kwa amfumu. Mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe anabwerako kudzatiuza zomwe anapeza. Mdzukulu wanga wasankhidwa kupita ku yunivesite chaka chino, ndiye funsoli likundisowetsa tulo. Kodi sukulu zimenezi zili ndi ngongole kwa ife ozizungulira, kapena zikapereka digiri ntchito yatha?

Wa_ku_Chikanda:
Aphunzitsi, ngongole ilipo, koma nthawi zina imabwezedwa m'njira ina. Mu March 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a ku Chancellor College anali m'gulu la oyamba kutuluka mumsewu kuikira kumbuyo kalatayo, nthawi yomwe ife makolo tinkangonong'onezana m'nyumba. Mu 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito atayitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ku Chancellor College, kukamufunsa za zomwe anaphunzitsa m'kalasi, zokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt, aphunzitsi anzake ananyanyala miyezi yambiri. Ife ochititsa lendi zipinda kwa ophunzira tinavutika, ndalama sizinkalowa. Komabe ufulu wolankhula womwe ankaumenyerawo ndi umene tikugwiritsa ntchito panopa.

Namwino_Ndirande:
Bambo a ku Chikanda, zoona, koma funso la aphunzitsi simunaliyankhe. Ine ndinene za chipatala. College of Medicine, yomwe pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, isanatsegulidwe mu 1991, madokotala athu ankakaphunzira kunja. Lero mukagonekedwa ku Queens, okuzungulirani ambiri ndi ana athu omwe. Katemera wa tayifodi anayesedwa kuno ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018, pa ana opitirira 28,000, ndipo mu 2023 boma linayamba kubaya ana dziko lonse. Amayi omwe anabweretsa ana awo ku kafukufukuyo anaona ndi maso phindu lake. Kafukufuku wotereyu amakhala ndi ndalama zoyitanira mafumu ndi makomiti. Koma wophunzira wa chaka chachinayi wobwera ndi mapepala ku Kachulu uja, mwina ndalama ya minibasi anachita kukongola.

Wophunzitsa_wina:
Aphunzitsi, pepani, mwatigwira pamtima. Ndimayang'anira ophunzira otere ndipo ndivomere: lipoti limalembedwa m'Chingerezi, timalichonga, limakakhala pa shelefu. Popereka malikisi palibe pomwe timafunsa ngati wophunzira anabwerera kwa eni mayankho. Umphawi wa ophunzira sindikuutsutsa, koma tsamba limodzi la m'Chichewa silidula. Mungalipereke kwa amfumu, kwa komiti ya pagombe, kwa mlangizi wa zaulimi, kapena n'kuliwerenga pa wayilesi ya Chanco yomwe ili ku Zomba komweko. Ulendo wina akabwera, musanayale mphasa, afunseni dzina la wowayang'anira, nambala yake, ndi tsiku lomwe adzabwererenso. Kukana kuyankha n'kololedwa, ndipo iwo amayenera kukuuzani zimenezi asanayambe kufunsa.

Mphunzitsi_wa_ku_Kachulu:
Zikomo nonse. Zoti tingathe kukana sindinkazidziwa, zaka zonsezi tinkaona ngati ndi lamulo la boma. Kuwabweza sindingawabweze, ndi ana athu. Koma Loweruka lino kuli msonkhano wa mudzi, ndikapempha amfumu tigule kope, aliyense wobwera ndi mafunso azilembamo dzina ndi tsiku lobwerera. Achimwene ophunzitsa, tsamba la m'Chichewalo mukayamba ndi ophunzira anu, munditumizire, ndidzaliwerenga ndekha pabwalo.