Denga likudontha pa chumuni, ndithandizeni mvula isanalimbe

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A Admin chonde mundibise dzina, alamu anga ali mommuno. Ndimakhala ku Zomba, m'nyumba zakale zija za m'munsi mwa phiri zokhala ndi chumuni chowothera moto pabalaza. Mvula ikangoyamba madzi amatsika m'mbali mwa chumunicho, khoma lachita mawanga akuda, siling'i yafufuma mpaka ikugwa zidutswa. Chaka chatha alamu omwewo anatipezera mmisiri, anakwera ndi simenti, anamata kuzungulira, ndalama analandira, pano foni sayankha. Alamuwo ndikawafunsa akuti ine ndimakonda kulongolola. Bambo a kunyumba akuti tidikire mvula ithe, koma ndalama ya mpira ndi anzawo siyisowa. Apongozi akubwera pa Khirisimasi ndipo mpando womwe amakonda uli pamene ndimatchera beseni. Ndipange bwanji abale?

Mjomba Wanu: GWETSANI CHUMUNICHO. Nkhani yatha. Azungu anamanga zimenezo nthawi imene Zomba inali likulu, likulu linapita ku Lilongwe mu 1975, inu mukusungirabe chiyani? Mumawotha kangati pa chaka?

Nachisale wa ku Chinamwali: Pepani achemwali. Koma za alamu zokha ndakumvani, ine anga anandibwereka makwerero mpaka lero.

Mmisiri wa pa Mpondabwino: Mayi, denga lake ndi la chiyani? Malata, matailosi kapena asibesitosi? Ndipo madzi akutsika mbali iti, ya kumtunda kwa denga kapena ya kumunsi? Popanda zimenezi tizingolota.

Bambo a Tadala: Gulani phula, mutenthe m'chitini, muthire ndi kansalu. Ine ndinatero pa Freddy mu 2023, mvula ija inagwa osaleka koma m'nyumba munali gwa.

Mjomba Wanu: Phula mwezi wa October limasungunuka n'kumatsetsereka pa malata. Ndalama zotaya. GWETSANI.

Bambo a Tadala: Amjomba, aliyense ali ndi ndalama zogwetsera? Mukagwetsa pabowopo mutseka ndi chiyani, chitenje?

Anganga a ku Sadzi: Ana inu simudziwa kuzizira kwa Zomba. June ndi July, chiperoni chikatsika ku Ku Chawe, amene ali ndi chumuni ndiye mfumu. Musagwetse mwanangu. Komanso apongozi musawaope, muwakhazike pompo madzi awadonthere, mwana wawoyo ndalama ayipeza mawa lomwe.

Nachisale wa ku Chinamwali: Anganga mwandipha ndi phwete kkkkk

Mmisiri wa pa Mpondabwino: Poti mwini nkhani ali zii, ndinene za simentiyo. Lata likatenthedwa ndi dzuwa limafutukuka, usiku limabwerera. Njerwa sizisuntha chomwecho. Ndiye simenti ukaimata pakati pa ziwirizi imang'ambika basi, kamng'alu kochepa kolowa chikhadabo, madzi n'kumadutsa momwemo. Pamafunika flashing, lata losalala lopindidwa, mbali ina ligone pa denga, mbali ina likwere khoma la chumuni masentimita ngati 15. Pamwamba pake pabwere lina lophimba, limene mlomo wake umalowetsedwa mu mzere wa pakati pa njerwa. Timasema mzerewo ndi grinder masentimita awiri kapena atatu, kulowetsa lata, kenaka kutseka. Malata awiriwa sakhomedwa pamodzi, kuti denga likamasuntha pasang'ambike.

Mjomba Wanu: Mwamva? Grinder, lata, mmisiri, thiransipoti. Chaka chamawa zomwezo. Ine chumuni cha nyumba yanga ya ku Matawale ndinagwetsa ndekha ndi hamala, mpaka lero ndimagona tulo.

Mayi a Mphatso: Amjomba nyumba za ku Matawale zinali ndi chumuni liti?

Mjomba Wanu: Cha kukhitchini mayi. Musandiyese wabodza pagulu.

Che Dalaivala: Amisiri a masiku ano ndi akuba onse. Wina anandikhomera malata misomali m'ngalande m'malo mwa pamsana, nyumba yonse inasanduka sefa. Nditamutsatira kwawo anandiuza kuti ndi mvula ya chaka chino yomwe yachuluka. Nkhani inakafika kwa amfumu, anagamula kuti abweze theka, anabweretsa nkhuku.

Mmisiri wa pa Mpondabwino: Si tonse achimwene. Inu mumafuna wotchipa, mukapsa mwati amisiri.

Che Dalaivala: Ndiye inuyo mumatchaja zingati? Nenani pompano tione.

Mmisiri wa pa Mpondabwino: Denga sindinalione, ndinena bwanji mtengo?

Mayi a Mphatso: Achemwali, musanalipire munthu tumani mnyamata akaone kuseri kwa chumuni, mbali ya kumtunda. Madzi onse otsika padenga amagunda pamenepo. Kwathu kunadzaza masamba a paini ndi a mango, anawola n'kusanduka dothi, mpaka kamtengo kanamera. Madzi amaima, lata linadyeka ndi dzimbiri, titagwira chala chinangolowa. Anatiikira ngalande yatsopano kuseriko yolowa pansi pa malata a kumtunda, madzi amapatuka mbali ziwiri. Pano timasesa mvula isanayambe.

Mlaliki wa Achinyamata: Mlongo, nkhani za m'banja sitiyala pa Facebook. Amuna anu mwawanyoza, alamu mwawanyoza, apongozi mwawatchula. Denga lenileni lomwe likudontha ndi ulemu.

Nachisale wa ku Chinamwali: Abusa, ulemu umauma ndi beseni? Munthu wafunsa za madzi.

Mjomba Wanu: Abusa anena zoona koma chumuni chigwe.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Abusa sindinanyoze munthu, ndangonena zomwe zilipo. Alamuwo ngakhale pa ukwati wathu anachita zomwezi, anatenga ndalama ya matenti n'kubwera ndi limodzi. Bambo a Tadala phulalo mumagula kuti?

Mmisiri wa pa Mpondabwino: Mayi, DENGA NDI LA CHIYANI? Ndikufunsa chifukwa nyumba zina zakalezo zili ndi asibesitosi. Ameneyo ukaponda pakati umagwera mkati, ndipo fumbi lake ukamadula limawononga mapapo. Musatume mwana pamwamba tisanadziwe. Ngakhale pa malata, munthu aponde mzere wa misomali pomwe pali thabwa pansi, denga litauma.

Mphunzitsi Wopuma: Mwinanso flashing ilibe mlandu. Chumuni chikakhala chopanda chipewa mvula imalowa pakamwa penipeni, kapena simenti ya pamwamba pake inasweka, njerwa zikumwa madzi. Madzi akakhala akuda onunkha mwaye, achokera mkati. Tsiku lopanda mvula wina akwere ndi paipi, athire kuyambira kumunsi kwa chumuni, kenaka m'mbali, kenaka kuseri, pamwamba pomaliza, paliponse adikire mphindi zingapo. Wina akhale m'siling'i ndi tochi. Mukayambira pamwamba ponse panyowa, simudziwa polowera. Muonenso matabwa ozungulira, akanyowa nthawi yaitali amawola ndipo chiswe sichichedwa.

Bambo a Tadala: Pali tepi ina yaphula yonyezimira kunja, amagulitsa m'mahadiweya m'tauni. Pukutani pouma bwino, matani, ikufikitsani April.

Mphunzitsi Wopuma: Yongogwirizira imeneyo. Pa simenti yosweka ndi fumbi siigwira, ayambe agumula zomwe anamata mnzathu uja.

Mjomba Wanu: Tepi, paipi, tochi. Anthu ophunzira mumavuta. Ndipatseni adiresi ndibwere ndi hamala Loweruka, ulere.

Membala wobisa dzina: Amjomba ayi, eni nyumba sangalole, ife timangochita lendi. Za dengalo ndiwafunsa bambo akabwera, ine sindinayambe ndayang'anako.

Mayi a Mphatso: LENDI? Ndiye simenti ya chaka chatha munalipira ndinu?

Che Dalaivala: Muwadule pa lendi basi. Ine landilodi wanga wa ku Chikanda ndinamudula, anandithamangitsa mwezi womwewo, koma ndinamudula.

Mmisiri wa pa Mpondabwino: Jambulani siling'iyo muwatumizire eni ake lero. Akavomera, munditumizire chithunzi cha denga ku inbox.

Mjomba Wanu: Ndipatseni nambala ya landilodiyo ndimuuze agwetse.